Wailesi wazima, wayamba kunditi Madamu

Aphungu,

Tsamba lanuli ndakhala ndikuliwerenga kuyambira kale, n'kumaseka anzanga olira ndi amuna komanso apongozi, osadziwa kuti tsiku lina nane ndidzagogoda pakhomo panu. Langa si banja ayi, kunyumba kuli bata. Vuto langa ndi mnzanga wa kuntchito. Mwina mukamva muti ndi zachibwana, koma ine zikundidya mumtima.

Ndimagwira ntchito pahotela ina, mbali yokonza zipinda. Ndinalowa ndili mtsikana wosadziwa kanthu, woganiza kuti bola shiti yafika mbali zonse za bedi ndiye kuti wayala. Tsiku loyamba anandiphatikiza ndi mayi wina wondiposa zaka pang'ono, amene aliyense pahotelapo amamutcha Wailesi. Dzinali sanamupatse molakwitsa. Munthuyo pakamwa sipatsekeka: nyimbo, nkhani za aneba ake, maloto a dzulo, ngakhale mpira umene sanaonere n'komwe, zonse zimatuluka uku manja akugwira ntchito. Ndi iyeyo amene anandipatsa ine dzina loti Kamphepo, ati ndinkadutsa m'kolido ngati ndaba kanthu.

Pahotela yathu mabedi timayala awiriawiri, wina uku wina uko. Aphungu, munthu amene wagwirizana naye shiti kwa zaka umamudziwa kuposa m'bale wako wa bere limodzi. Akakoka mwamphamvu umadziwa kuti kunyumba sikunache bwino. Akaiwala kupinda kona umadziwa kuti mwana wagona akutentha thupi. Ife tinkaponya shiti m'mwamba nthawi imodzi osauzana, iyo n'kutsika yokha pamalo pake. Nthawi yopuma tinkapita m'kachipinda kosungiramo nsalu, kumapeto kwa kolido. Mulibe zenera m'menemo, koma mumanunkhira sopo ndi nsalu zongositidwa kumene, ndipo mpaka lero ndikamva fungo limenelo mtima umachita myuu. Mipando munalibe. Tinkavundikira ndowa n'kukhalapo, nsapato titavula, tiyi ali m'makapu othyoka zogwirira amene a kukhitchini anawataya. Ndowa yanga inali yobiriwira, yong'aluka pang'ono m'mphepete, ndipo ndikaseka kwambiri inkanditsina. Poti Wailesi ankakhala pafupi, inkanditsina tsiku lililonse.

Kukangana tinkakangana ndithu, sitinali angelo. Ine khalidwe langa ndi loti ndikakwiya ndimafufuma ngati finye, pakamwa ndii, ntchito yokhayokha. Wailesi zimenezo sankatha kuzipirira. Ankadikira timalize chipinda, kenako n'kusiya dala pilo mmodzi atapendekeka, kukamwa kwa pilokesi kutaloza kukhomo, chinthu choti pahotela sichiloledwa. Ine maso anga sagwirizana ndi chinthu chokhota. Ndinkayesetsa kudzigwira, koma mapeto ake ndinkaphulika: "Iwe Wailesi, pilo uyu waledzera kuti m'mawa uno?" Iye n'kuyankha kuti, "Ha, kodi pakamwa ukadali napo? Ndimayesa unaiwala m'basi." Tikatero tinkaseka mpaka kugwira m'mimba, mkangano n'kuthera pomwepo.

Za sukulu anayambitsa ndi iyeyo. Titamva kuti akuluakulu a hotela azilola ena mwa ife kupita ku koleji masiku ena kukaphunzira za kayendetsedwe ka mahotela, ine ndinachita mantha. Iye anandikankha. Anati, "Iwe mutu uli nawo, ine ndili ndi pakamwa pokha. Pita, usadzakalambire pandowa." Masiku anga a kalasi ankayala ndi munthu wina, ndipo ndikabwera ankadandaula kuti anamupatsa mtsikana woyala bedi ngati akukwirira mbatata. Mayeso akayandikira ankasanduka mlendo wovuta kuti ndiyeserere. Ankadziponya pabedi tisanayale, mwendo pamwamba pa unzake, n'kukuwa kuti, "Mtsikana iwe, madzi a m'bafamu ndi onyowa kwambiri, ndiitanire manijala!" Ine n'kuima chilili, kuyeserera zimene tinaphunzira: kumvetsera osadula mawu, kupepesa, kumwetulira ngakhale m'kati mukuwira. Ndinaphunzira zambiri kusukuluko, za kukhitchini, za polandirira alendo, kagawidwe ka mashifiti, katsogoleredwe ka anthu. Koma phunziro la alendo ovuta ndinakhoza chifukwa cha madzi onyowa aja. Tsiku limene zotsatira zinatuluka, Wailesi anavina ndi mopu kolido yonse, mpaka mlendo wina anasuzumira kufunsa ngati kuli ukwati.

Pasanapite nthawi, mayi amene ankatiyang'anira anapuma pantchito, ndipo manijala anandipatsa ine udindowo. Anandipatsa jekete yakuda, mulu wa makiyi ndi kaofesi kokhala ndi mpando weniweni. M'mawa woyamba ndinasonkhanitsa anthu kuti ndigawe ntchito. Kusukulu anatiphunzitsa kuti mtsogoleri asakondere, aliyense azimupatsa ulemu wofanana. Choncho nditafika pa Wailesi ndinamutchula dzina lake lenileni, lolembedwa pachifuwa pa yunifomu, n'kunena kuti, "Inu mutenga zipinda za m'mwamba." Ndinamwetulira bwinobwino monga anatiphunzitsira. Iye anaika manja kumbuyo n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, Madamu."

Kuyambira tsiku limenelo, kwa ine Wailesi anazima. Kwa ena akulira bwinobwino, ndimamumva ndili kutali akuimba kapena akusimba nkhani, anzake akufa ndi phwete. Ndikangotulukira, zii. "Mwadzuka bwanji, Madamu? Pali chimene ndingakuthandizeni?" Aphungu, mawu amenewo ndikuwadziwa, kumwetulira kumeneko ndikukudziwa. Ndi kuja timapatsa mlendo amene sitikumudziwa, woti mawa anyamula chikwama. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kupita kukachipinda kathu kaja nthawi ya tiyi. Onse amene ndinawapezamo anaimirira, wina anavala nsapato mofulumira, wina anathamanga kukanditengera mpando. Ndowa yanga yobiriwira inali pakona, muli mopu. Ndinanamizira kuti ndabwera kudzaona mathaulo, n'kubwerera kukamwera tiyi muofesi ndekhandekha, m'kapu yokhala ndi chogwirira.

Nkhani yafika poipa tsopano. Ntchito yanga ndi kuyendera zipinda zikakonzedwa, mlendo asanalowe. M'zipinda za Wailesi zonse zimakhala bwino ngati kale, bafa lili mbee, galasi lowala, makona a shiti akuthwa. Koma pilo mmodzi amakhala atapendekeka, kukamwa kukhomo. Poyamba zinkachitika mwa apo ndi apo, pano ndi pafupifupi tsiku lililonse. Ine ndikuona ngati watenga nthabwala yathu ija n'kuisandutsa chondinyozera, kuti aone ngati Madamu angayerekeze kumudzudzula. Ndiye ndimangowongola piloyo mwakachetechete n'kutseka chitseko. Nanga ndimudzudzule bwanji munthu amene anandiphunzitsa kagwiridwe ka pilo? Khoswe wandikhalira pamkhate.

Sabata ino manijala anaganiza zoyendera nane limodzi, ndipo analowa m'chipinda china cha Wailesi ndisanawongole pilo. Anaona. Anafunsa amene wakonza, ine n'kuyamba kuzungulira, iwo anandidula. Anati ndimuchenjeze sabata isanathe, apo ayi amuchenjeza okha n'kumusamutsira kochapira. Anawonjezera kuti, "Ngati simungathe kudzudzula anthu anu mundiuze, jeketeyo alipo ena ingawakwane."

Aphungu, ine ndikuganiza zongoibweza jeketeyo. Mayi anga akuti ndapenga, mwamuna wanga akuti ndisanamizire mnzanga pomwe ndikuthawa ntchito. Koma ine ndasowa ndowa yanga. Ndasowa munthu wonditi "iwe". Ntchitoyi ndimaikonda, ndipo ndikudziwa kuti ndingathe kuichita bwino, koma ngati kukwera n'kumeneku, bola ndibwerere kukagwira shiti mbali yanga. Ndibweze jekete, kapena ndimuchenjeze mnzanga n'kumutaya kotheratu? Ndithandizeni.

K. M., pahotela ina m'tauni muno

Kamphepo,

Ndakutchula dzina limeneli dala, ndipo ndikuti "iwe", chifukwa ndaona kuti ma-"inu" akukwana. Nkhani yako si yachibwana. Ambiri amene anakwezedwa pakati pa anzawo analawa tiyi wozizira wa muofesi ameneyo, kungoti sanena.

Tiyambe ndi jekete: usabweze. Ukuganiza kuti ukaivula upeza ndowa yako ikukudikira monga unaisiyira? Ayi ndithu. Ukapeza anthu akukuyang'ana ngati munthu amene anakwera mumtengo n'kutsika wopanda chipatso, ndipo woyamba kukhumudwa adzakhala Wailesi yemweyo. Mayiyu anayala mabedi ndi wokwirira mbatata kuti iwe ukhale m'kalasi. Anavina ndi mopu. Ukabweza jekete wataya thukuta lake, osati lako lokha. Komanso udindowo ukapita kwa wina, pilo wopendekekayo adzamupeza munthu wosadziwa mbiri yake, ndipo mnzako adzapita kochapira ndithu.

Tsopano werenganso kalata yako, pang'onopang'ono. Anayamba kunena "inu" ndani? Ndiwe, mwanawe. Sunachite mwankhanza, ndipo aphunzitsi ako sananame, mtsogoleri asakondere. Koma taganiza mmene zinaonekera kwa iye. Munthu amene dzulo ankagona pabedi kukuyeseza mayeso, lero ukumutchula dzina la pachifuwa, n'kumupatsa kumwetulira komwe kuja ankakuthandiza kuyeserera. Inu a m'mahotela muli ndi nkhope ziwiri, ya alendo ndi ya kuseri. Iwe unamupatsa ya alendo pamaso pa anthu onse, iye n'kukubwezera yomweyo, ndipo poti ntchitoyi anayamba kale, yake ndi yosalala kuposa yako. Paja amati mlendo ndi mame. Aliyense wa inu akuganiza kuti mnzake wamusandutsa mame.

Za pilo, ine sindikuona chipongwe. Munthu wofooka pantchito amasiya tsitsi m'bafa ndi fumbi pansi pa bedi, sapukuta galasi mpaka kuwala n'kulakwitsa pilo yekha. Munthu wofuna kukunyoza amakunyozera pagulu kuti anzake aseke. Uyu akusiya pilo m'chipinda chotseka, momwe akudziwa kuti wolowa ndiwe wekha. Wandiuza wekha kuti kale ankachita zimenezi nthawi yanji: iwe ukafufuma, pakamwa ndii. Kwa iye, chivalireni jekete wafufuma, ndipo akuchita chokhacho chimene akudziwa kuti chimakutsegula pakamwa. Sangabwere kuofesi kudzati "iwe Kamphepo", akuopa kuti umuyankha ndi kumwetulira kwa kusukulu. Ndiye tsiku ndi tsiku akugogoda ndi pilo, iwe n'kumawongola mwaulemu n'kutseka chitseko. Koma abale inu, mwavutitsana!

Ndikhoza kulakwitsa, mbali yake sindinaimve. Mwina muli kansanje pang'ono, ndi munthu. Koma kaya n'kugogoda, kaya ndi nsanje, mankhwala ake ndi amodzi, kulankhula, ndipo woyamba akhale iwe chifukwa makiyi ali ndi iwe.

Chita izi sabata isanathe. Usamuitanire kuofesi, mpando weniweni uja ungakusokonezeni nonse. Mupeze m'chipinda akuyala, mnzake woyala naye umutume kukatenga mathaulo, iwe ugwire shiti mbali yako yakale. Jekete usavule. Wailesi akufunika aone ndi maso ake kuti m'kati mwa jeketemo Kamphepo alimo. Mupepese mwachidule za tsiku lija unamuti "inu", osati ndi mawu a m'buku opepesera alendo, koma ndi pakamwa pako pa kundowa. Umuuze zimene wandiuza inezi, kuti wamusowa. Ukadziwa kulemba zimenezi kwa munthu wachilendo ngati ine, sungalephere kuuza mwiniwake.

Ukatero usathawe gawo lachiwiri, chifukwa ndi limene linakupatsa jekete. Umuuze mosazungulira kuti manijala anaona, kuti ntchito yake ili pachiswe, ndipo kuti pilo woledzera asapezekenso m'chipinda chodikira mlendo. Limenelo ndiye chenjezo lako, ndipo ulinene ngati chenjezo. Kubisira mnzako kuti moto ukubwera si chikondi. Kenako mugwirizane poyera za mayitanidwe: pamsonkhano ndi pamaso pa alendo pali ulemu wa ntchito, mukakhala awiri pali Wailesi ndi Kamphepo. Zimenezi munayenera kukambirana jekete isanafike, koma sizinachedwe.

Ukachoka apo pita kwa manijala, usadikire kuti akuitane. Uwauze kuti walankhula naye, wamuchenjeza, ndipo zipinda zake uziziona wekha. Ndi zimene akufuna kumva. Sakulimbana ndi pilo, akufuna adziwe ngati anasankha munthu wotha kutsegula pakamwa zinthu zikavuta. Ndiponso leka kukonza zolakwika za anthu ako mwakachetechete, kaya ndi za Wailesi kaya za wina. Kusukulu unaphunzira kusalaza zinthu kuti mlendo asaone vuto, ndipo kwa mlendo n'zoyenera. Wantchito ukamusalazira, mawa abwereza, ndipo iwe usanduka wokonza zipinda wovala jekete. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Peza wina amene anayamba kale kutsogolera anthu, kaya mkulu wa kukhitchini kaya mphunzitsi wako wakale, uzikhala naye nthawi zina n'kumufunsa mmene anadutsira pamenepa.

Kachipinda ka nsalu kaja, pepa, uwasiyire. Antchito amafunika pamalo povulira nsapato n'kumujeda bwana, ndipo usandiuze kuti inu simunkawajeda mayi amene anapuma aja. Pano wojedwa ndiwe, n'gawo la udindo. Akakuitana upite, ukane mpando, ukhale pandowa, koma usachedwepo. Ubwenzi wanu upezereni malo ena. Tsiku lopuma pita kunyumba kwake, kumeneko kulibe Madamu.

Chenjezo langa ndi ili. Mukagwirizana, usayambe kumupatsa zipinda zopepuka ndi masiku abwino opuma, chifukwa anzake ali ndi maso, ndipo adzadana ndi iye asanadane ndi iwe. Akapitiriza kulakwitsa mutalankhulana, umudzudzule monga ungachitire ndi wina aliyense. Komanso usayembekezere kuti aseka tsiku lomwelo. Mwina akuyankha kuti "Chabwino, Madamu" n'kukoka shiti mwamphamvu. Usafufume, usabwerere kuofesi kukalira, bwera mawa. Masiku a ndowa yobiriwira sadzabwerera onse, zimenezo ulire n'kuvomereza. Koma munthuyo alipo, ali m'zipinda za m'mwamba, ndipo sanatope kukuitana.

Mawa ukatsegula chitseko n'kupeza pilo wapendekeka, manja ako uwaike m'matumba a jekete, usamukhudze. Suzumira m'kolido, uitane mnzako ndi dzina lake lija, umufunse kuti pilo ameneyu waledzera kuti.

Aphungu